Kugoneka galu kusukulu: kodi ndalama zake zimabwerera?

LUSAKA – Munthu woyenda madzulo m'misewu ya ku Woodlands, monga Chindo ndi Buluwe, amadziwa kuti kuseri kwa mipanda yambiri kuli galu. Agalu ake si aja osakira akalulu kumudzi ai. Ndi a mitundu ikuluikulu monga German Shepherd, Rottweiler ndi Boerboel wa ku South Africa, amene mwamuna wake akakula amatha kupitirira makilogalamu 60.

M'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola 17 kapena kuposerapo pa tsiku, waya wamagetsi wa pamwamba pa mpanda unasanduka cokongoletsera cabe pa nyumba zopanda mabatire. Eni nyumba anakumbukira kuti galu safuna magetsi kuti auwe. Koma galu wamkulu wosamvera ndi ngozi pakhomo. Amagwetsa ana, amalumpha pacipata galimoto ikamalowa, ndipo sasiyanitsa mbala ndi mlendo wa bwana.

Apa ndi pamene ena amaganiza zopereka galu kwa mphunzitsi kuti akakhale komweko masabata awiri, anai kapena asanu ndi limodzi, monga mwana wa sukulu yogonera. Omvera angafune kudziwa cimene ndalama zake zimagula.

Mtengo wake umasiyana malinga ndi mphunzitsi, kutalika kwa nthawi ndi zimene galuyo akukaphunzira, koma kulikonse ndi wokwera kuposa wa maphunziro a ola limodzi pa sabata. Ku America, masabata awiri kapena atatu a maphunziro otere kawirikawiri amapitirira madola 1,000. Cifukwa cake n'cakuti mbali yaikulu ya ndalamazo ndi ya kusunga galu. Galu wamkulu amadya pafupifupi theka la kilogalamu ya cakudya couma pa tsiku, kutanthauza kuti thumba la makilogalamu 20 limatha m'masiku 40. Pamafunika khola, madzi, mankhwala a nkhupakupa, munthu wosesa ndi womuyang'anira usiku. Maphunziro enieniwo amatenga gawo laling'ono la tsiku, popeza galu amagwira bwino zinthu akaphunzitsidwa mphindi zocepa kangapo pa tsiku. Conco pa maola 24 amene mwini galu akulipira, ambiri ndi a kugona ndi kudya.

Phindu lilipo ndithu. Mphunzitsi waluso amadziwa kupereka mphotho pa kamphindi koyenera, ndipo amabwereza zomwezo tsiku ndi tsiku mosasintha, cinthu cimene munthu wocoka panyumba m'mamawa ndi kubwera usiku sangakwanitse. M'masabata ocepa galu angaphunzire kukhala pansi, kubwera akaitanidwa, kuyenda pacingwe popanda kukoka ndi kulowa m'khola akauzidwa.

Vuto limayamba galu akabwerera kwao. Galu amalumikiza zimene waphunzira ndi munthu amene anamuphunzitsa, mau ake, manja ake ngakhalenso bwalo limene anali kuphunzirirapo. Akafika panyumba amapeza cipata cakale, ana akale ndi ufulu wakale, ndipo ngati palibe womukumbutsa, m'masabata owerengeka amayambanso makhalidwe ake akale. Mwini wake amatsala n'kudandaula kuti anabedwa, pamene mwina mphunzitsi anagwira bwino nchito yake.

Amene amaseweza ndi agalu pa nchito zazikulu analidziwa kale vutoli. Ku Mfuwe, bungwe la Conservation South Luangwa linayamba mu 2014 kugwiritsa nchito agalu ofwenkha minyanga ya njovu, mfuti ndi zipolopolo, mothandizidwa ndi a Working Dogs for Conservation a ku America. Kumeneko galu ndi womugwira amaphunzira limodzi, amabwereza maphunziro nthawi zonse, ndipo mphotho ya galu akapeza cinthu ndi kuseweretsa mpira. Nalonso bungwe la The Seeing Eye, limene linayamba mu 1929 ku America kuphunzitsa agalu otsogolera anthu osaona, silipereka galu mwacisawawa. Munthu wodzamulandira amakakhala kusukuluko masabata angapo, kuphunzira kuyenda naye, asanapite naye kwao.

Tsono pano pa Lusaka pali funso limene ambiri saliganizira: kodi amakhala ndi galuyo tsiku lonse ndani? Pa nyumba zambiri za ku Woodlands ndi Kabulonga, amene amamupatsa cakudya, kumusambitsa ndi kumutsekulira usiku ndi wanchito wa pabwalo kapena mlonda. Bwana amalipira, amapita kukatenga galu Loweruka, amaonetsedwa kwa theka la ola mmene galu amamvera "sit" ndi "down", n'kubwerera wokondwa. Lolemba galu amatsala ndi munthu amene sanaoneko cilliconse ca izi, amene amamuitana m'Cinyanja, mwinanso amamuopa. Galu sadziwa Cingerezi kapena Cinyanja. Amadziwa kamvekedwe ka mau amene anazolowera. Wolemba nkhani ino anaonapo galu wa mnansi amene anacoka kusukulu akuyenda ngati msilikali, koma usanathe mwezi anali atabwerera pa unyolo, cifukwa mnyamata womusamala sanapiteko ngakhale tsiku limodzi.

N'cifukwa cake funso loyamba kwa mphunzitsi liyenera kukhala la ciwerengero ca maphunziro a eni galu amene ali mkati mwa mtengowo, ndiponso ngati iye adzabwera kunyumba kudzaona galuyo pacipata ceniceni pamene amavutira. Amene akukasiya galu atenge wanchito uja, ndipo pokamutenga apitenso naye.

Funso lina ndi la njira zophunzitsira. Galu akakhala kutali, mwini wake saona zimene zikucitika. Pali aphunzitsi amene amafulumizitsa zinthu ndi ndodo, kukoka cingwe ca pakhosi mwamphamvu kapena kolala yogwiritsa magetsi. Galu wotere amaoneka womvera, koma ndi mantha, ndipo galu wamantha ndi amene amaluma mosacenjeza. Dziko la Wales linaletsa makolala amagetsi mu 2010, ndipo mu 2021 bungwe la ku America la madokotala a ziweto oona za makhalidwe a nyama linalangiza kuti agalu aziphunzitsidwa ndi mphotho. Cikwangwani cokongola kapena zithunzi za pa Facebook si umboni. Mphunzitsi wokana kuti mudzaone khola ndi maphunziro ali mkati, musamusiyire galu.

Pamalo posonkhana agalu ambiri pamafalanso matenda, monga cifuwa ca agalu ndi parvo, imene imapha kwambiri tiana. Malo abwino amayamba apempha khadi la katemera. Katemera wa ciwewe ndiye sakambirana: lamulo la Control of Dogs Act, mutu 247 wa malamulo a Zambia, limafuna kuti agalu alembetsedwe ndi kubayidwa katemerayu, ndipo mu mzinda uno kulembetsa kumacitikira ku khonsolo. Bungwe la WHO limati ciwewe cimapha anthu pafupifupi 59,000 pa caka padziko lonse, ndipo pafupifupi onse amacitenga kwa agalu.

Pa za ukali ndi pamene pafunika kusamala kopambana. Galu amene analumapo munthu, kapena wogwidwa ndi mantha aakulu, sangasinthiretu m'masabata atatu, ndipo wolonjeza zimenezi akungofuna ndalama. Ayambe waonedwa ndi dokotala wa ziweto, monga a ku sukulu ya Samora Machel pa Yunivesite ya Zambia, popeza nthawi zina ukali umayamba ndi ululu wa m'thupi. Kuphunzitsa galu kuluma mbala nakonso n'koopsa ngati panyumba palibe amene angamuletse ndi liu limodzi.

Akuluakulu anati kuongola mtengo m'poyamba. Kamwana ka galu kamazolowera anthu, ana, phokoso ndi magalimoto makamaka pakati pa masabata 3 ndi 14 kacibadwire, ndipo nchito imeneyi imacitikira pakhomo, siifuna sukulu yogonera. Banja limene lili ndi kagalu kotere, ndiponso munthu wokhoza kupatula mphindi 15 m'mawa ndi madzulo, lingapindule kwambiri poitana mphunzitsi kunyumba kamodzi pa sabata, kuti ana ndi wanchito aphunzire naye limodzi. Sukulu yogonera imayenera galu wamkulu wathanzi amene wangosowa mwambo, pa banja limene lakonzeka kupitiriza maphunzirowo iye akabwerako.