Mapangidwe ndi Kasamalidwe ka Injini ya Ford 1.0 EcoBoost

Mawu oyamba

Kale munthu akafuna kudziwa mphamvu za galimoto ankangofunsa kukula kwa injini yake. Injini ya malita awiri inkaposa ya lita imodzi ndi theka, ndipo panalibe wotsutsa. Masiku ano zinthu zinasintha chifukwa makampani ambiri akupanga mainjini ang'onoang'ono a petulo okhala ndi chipangizo chotchedwa turbo. Cholinga cha chimangirizo chino ndi kufotokoza mapangidwe, zofooka ndi kasamalidwe ka mainjini otere potengera chitsanzo cha Ford 1.0 EcoBoost. Mfundo yaikulu ndi yakuti injini yotere imapereka mphamvu zambiri pa mafuta ochepa, koma imawonongeka msanga ngati mwini wake anyalanyaza oyilo ndi madzi oziziritsa.

Mapangidwe ake

Injiniyi inayamba kuoneka m'chaka cha 2012 m'galimoto ya Ford Focus. Akatswiri anaikonza ku Dunton ku England, ndipo inayamba kupangidwa ku Cologne ku Germany ndi ku Craiova ku Romania. Ili ndi masilinda atatu okha, ndipo kukula kwake ndi 999 cc, kutanthauza kuti sikwana n'komwe lita imodzi. Thunthu lake ndi lachitsulo, pomwe mutu wake ndi wa aluminiyamu. Poyamba inatuluka ya mitundu iwiri, ina yopereka makilowati 74 ndipo ina 92. Mphamvu za mtundu wachiwiriwu zinkafanana ndi za injini ya malita 1.6 yopanda turbo imene inkaikidwa mu Focus yomweyo. Chifukwa cha zimenezi inapambana mphoto ya International Engine of the Year zaka zitatu zotsatizana, kuyambira 2012 mpaka 2014. Pambuyo pake inaikidwanso mu Fiesta ndi EcoSport, magalimoto amene anagulitsidwanso ku South Africa.

Mmene turbo imagwirira ntchito

Kuti petulo ayake bwino m'silinda pamafunika mpweya wokwanira. Wosula zitsulo amadziwa kuti moto wa makala umakolera kwambiri akaupemerera ndi mvukuto, ndipo ntchito ya turbo ndi yomweyo. Utsi wotuluka mu injini umazunguza kagudumu kokhala ndi timapiko. Kagudumu kameneka kanalumikizidwa ndi kanzake kamene kamakoka mpweya wapanja ndi kuukankhira m'masilinda mwamphamvu. Mpweya ukachuluka, injini imatha kuwotcha petulo wambiri panthawi imodzi, motero silinda yaing'ono imagwira ntchito ya silinda yaikulu. Dalaivala akamayenda pang'onopang'ono turbo sigwira ntchito kwenikweni, ndipo apo ndi pamene mafuta amapulumuka.

Komabe akuluakulu anati walira mvula walira matope. Turbo ya injiniyi imatha kuzungulira maulendo opitirira 200,000 pamphindi imodzi, uku ikuwombedwa ndi utsi wotentha koopsa. Kachitsulo kolumikiza timagudumu tiwiri tija kamayandama pa oyilo, choncho oyilo akachepa kapena akada, turbo imafa msanga.

Zofooka zodziwika

Chofooka choyamba chinali cha madzi oziziritsa. M'magalimoto oyambirira a Focus munali kapayipi ka pulasitiki kamene kankasweka ndi kutentha. Madzi akatayika injini inkatentha mopitirira muyeso mpaka mutu wake kuwonongeka. Kampaniyi inayamba kusintha mapayipiwa m'chaka cha 2015, ndipo mu 2018, wailesi ya BBC itafufuza nkhaniyi, inavomera kulipira anthu a ku Britain amene mainjini awo anawonongeka motere.

Chofooka chachiwiri chikukhudza lamba amene amaonetsetsa kuti mavavu akutseguka ndi kutsekeka panthawi yoyenera. M'mainjini ambiri lamba ameneyu amakhala pouma, koma mu injiniyi anamuika m'kati, momwe amasambira mu oyilo, pofuna kuchepetsa phokoso ndi kukhulana kwa zipangizo. Vuto ndi lakuti oyilo wolakwika kapena wokhalitsa amafewetsa lambayo mpaka amayamba kunyenyeka. Tizidutswa take timatseka sefa ya pampu ya oyilo, ndipo oyilo amaleka kufika ku turbo ndi ku ziwalo zina. Lambayo akaduka, mapisitoni amawomba mavavu ndipo injini imaphwasuka. M'mitundu yatsopano ya injiniyi kampaniyi inaika tcheni m'malo mwa lamba wa mavavu. Palinso lamba wina woyendetsa pampu ya oyilo, amenenso amakhala mu oyilo. Mu Disembala 2023 magalimoto opitirira 130,000 a Focus ndi EcoSport anaitanidwa kuti akakonzedwe ku America chifukwa cha lamba wa pampuyu ndi chipangizo chomukungira.

Kasamalidwe kake

Choyamba, oyilo akhale yekhayo amene analembedwa m'buku la galimotoyo. Kwa mainjini oyambirira kampaniyi inalamula oyilo wa 5W-20 wokhala ndi chizindikiro cha WSS-M2C948-B. Chizolowezi chothira oyilo wolemera wa 20W-50 m'galimoto iliyonse, poganiza kuti oyilo ndi oyilo basi, n'choopsa pa injini yotere. Galimoto yoyenda m'fumbi kapena maulendo afupiafupi a m'tauni isinthidwe oyilo nthawi yolembedwa isanakwane, chifukwa injini ikamazimitsidwa isanatenthe petulo amatsalira mu oyilo ndi kumusungunula.

Chachiwiri, mwini galimoto aziona mlingo wa madzi oziziritsa sabata iliyonse injini ili yozizira. Madzi apampopi okha sakwanira chifukwa amabweretsa dzimbiri. Akaona kuti madzi akutsika, apite kwa makaniko tsiku lomwelo.

Chachitatu, sefa ya mpweya isinthidwe ikada, pakuti fumbi likadutsa limadya timapiko ta turbo. Chachinayi, dalaivala asaponde moto kwambiri injini ikangolizidwa m'mawa, ndipo akathamanga mtunda wautali kapena kukwera phiri aidikire mphindi imodzi kapena ziwiri asanaizimitse kuti turbo izizire. Apewenso kukwera chitunda pa giya yaikulu injini ikubuula.

Chachisanu, nyali yofiira ya oyilo ikayaka aime pomwepo ndi kuzimitsa injini. Kunena kuti ndingofika kaye kunyumba kungasandutse vuto la sefa kukhala kugula injini ina. Lamba wa mavavu anamulembera zaka khumi kapena makilomita 240,000, koma ndi nzeru kumusintha nthawiyi isanakwane, ngakhale kuti ntchitoyi ndi yokwera mtengo poti pamafunika kumasula mbali yaikulu ya injini.

Mawu omaliza

Chimangirizo chino chaonetsa kuti mphamvu za Ford 1.0 EcoBoost zimachokera ku turbo, ndipo moyo wa turbo ndi wa lamba umadalira oyilo. Wofuna kugula galimoto yogwirapo kale ntchito yokhala ndi injini imeneyi asakhutire ndi kuwala kwa penti kapena kuchepa kwa makilomita. Afunse buku la sevisi, aone mtundu wa oyilo amene ankathiridwa, ndiponso adziwe ngati lamba anasinthidwapo. Wogulitsa akalephera kuonetsa umboni, wogulayo awerengeretu ndalama zosinthira lamba pokambirana mtengo, pakuti safunsa anadya phula.