Nkhondo ya Chiwaya: Dziko la Nyasaland m'Zaka za 1914 mpaka 1918

Nkhondo imene mabuku a mbiri amaitcha Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, makolo athu anaipatsa dzina lawolawo, nati Nkhondo ya Chiwaya. Chiwaya ndiyo mfuti ija yolira mosalekeza, ndipo aliyense amene anamvapo chimanga chikuthetheka pachiwaya adzaona yekha kuti dzinali ndi loyenera. Mphunzitsi wofuna kuti ana aimve bwino nkhaniyi ayambire pa dzina limeneli, pakuti ana sasamala za mafumu a ku Ulaya amene anayambana, koma adzatchera khutu akamva kuti moto wake unafika pa Karonga.

Kapena mwana wina adzafunsa kuti, "Nanga ife inatikhudza bwanji?" Muonetseni mapu. Masiku amenewo dziko lathu, lotchedwa Nyasaland, linali m'manja mwa Angelezi, ndipo patsidya pa mtsinje wa Songwe panali dziko la Ajeremani, limene mbali yake yaikulu lero ndi Tanzania. Tsono pamene Angelezi analowa m'nkhondo pa 4 Ogasiti 1914, malire aja anasanduka bwalo la nkhondo.

Zinayambira panyanja. Ajeremani anali ndi sitima yawo dzina lake Hermann von Wissmann, imene inali kukonzedwa pa gombe la Sphinxhaven, pamene lero pamatchedwa Liuli. Pa 13 Ogasiti sitima ya boma ya Guendolen, yoyendetsedwa ndi Kaputeni Rhoades, inafika pamenepo niiwombera, mwini wake asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Nkhaniyi imaseketsa anthu, koma tanthauzo lake ndi lalikulu: kuyambira tsiku limenelo nyanja inali ya Angelezi, ndipo asilikali ndi katundu ankayenda pamadzi kuchokera ku Fort Johnston, ndiye Mangochi, kukafika kumpoto popanda wowatsekereza. Pa 9 Seputembala Ajeremani anadza pamtunda nathira nkhondo pa Karonga, koma anabwezedwa atataya anthu ambiri. Dziwani kuti mbali zonse ziwiri ochuluka mwa omenyanawo anali anthu akuda, olamulidwa ndi Azungu owerengeka.

Chimenechi ndicho chinapweteka mtima wa Mbusa John Chilembwe wa mpingo wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Mu Novembala 1914 iye analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti anthu osauka, amene alibe chawo m'dziko, akukhetsa mwazi pa mlandu wosaudziwa, nasiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Boma linaletsa kalatayo. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira, napha W. J. Livingstone wa pa munda wa Magomero pamodzi ndi Azungu ena awiri. Pa 3 Febuluwale Chilembwe mwini anaphedwa, ndipo tchalitchi chake chinagwetsedwa. Zifukwa za kuukirako zinali zambiri, monga thangata, msonkho ndi kulandidwa kwa malo, koma mphunzitsi asalekanitse nkhaniyi ndi nkhondo monga ngati ndi mitu iwiri yosiyana.

M'chaka cha 1916 zinthu zinatembenuka. Mkulu wa nkhondo Edward Northey anawoloka malire mu Meyi, nalanda Neu Langenburg, pamene lero ndi Tukuyu, napitirira mpaka Iringa. Koma mtsogoleri wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, sanafune kuima pamalo amodzi kuti agonjetsedwe. Nzeru yake inali yakuti adani ake atope ndi kumlondola. Mu Novembala 1917 anawoloka mtsinje wa Rovuma nalowa m'dziko la Apwitikizi, ndipo asilikali athu a King's African Rifles, amene anthu ankangoti Akeyala, anamtsata m'thengo la Mozambique mpaka kumenyana naye koopsa pa Lioma mu Ogasiti 1918. Ku Ulaya nkhondo inaleka pa 11 Novembala, koma iye anatula zida pa Abercorn, ndiye Mbala wa ku Zambia, pa 25 Novembala 1918.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani. Ankhondo samenya opanda ufa, zipolopolo ndi mankhwala, ndipo m'maiko amene tatchulawa munalibe njanji kapena misewu yokwanira. Ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi matenda a kashembe. Motero zonse zinayenda pamutu pa munthu. Amuna a m'dziko lino amene analowa usilikali anali ngati 19,000, koma amene anagwira ntchito ya mtengatenga anafika pafupifupi 200,000, m'dziko limene anthu ake onse, kuwerenga ndi makanda omwe, anangopitirira pang'ono 1,000,000.

Pano pali samu yabwino yopatsa ana. Wamtengatenga ankasenza mapaundi ngati 50, ndipo iye mwini ayenera kudya. Ngati adya mapaundi 2 pa tsiku, ulendo wa masiku 12 kupita ndi 12 kubwerera udzatha pafupifupi ufa wonse umene ananyamula, msilikali asanalaweko. Chifukwa chake ankhondo akamapita patali, amtengatenga ofunika ankachuluka koposa, ena kusenzera anzawo chakudya, ndipo phoso likachepa woyamba kumanidwa anali wosenza yemweyo. Ambiri anafa osaona mdani, ndi kamwazi, malungo, chibayo cha m'mapiri ozizira ndi njala.

Poyamba ena anapita mwa kufuna kwawo, pofuna ndalama za msonkho. Mbiri ya mavuto itafika kumidzi, odzipereka anasowa, ndipo boma linalamula mafumu kuti apereke anthu. Amuna ankathawira kutchire, apolisi nagwira akazi awo mpaka mwamuna atatuluka. Mfumu inali pakati pa moto uwiri: ikakana ichotsedwa, ikavomera idedwa ndi ana ake omwe. Ntchito yosweka mphanje ndi kumanga nkhokwe inagwera akazi ndi nkhalamba, pamene boma linali kufunanso chimanga, mpunga ndi ng'ombe za ankhondo. Sukulu zambiri za mishoni zinazilala, popeza aphunzitsi anatengedwa kukakhala alembi, omasulira ndi othandiza m'zipatala, ndipo ngakhale sitima ya mishoni ya Chauncy Maples inasenza katundu wa nkhondo. Pamwamba pa zonsezi, kumapeto kwa 1918 kunagwa mliri wa fuluwenza, umene unapeza anthu ali ofooka kale, nuyenda m'njira zomwezo zimene obwerera kwawo ankadzera.

Zotsala za nkhondoyi zilipo zoti ana azione ndi maso. Ku Zomba kuli nsanja yokumbukira Akeyala, ku Karonga kuli manda, ndipo ku Mangochi kuli mfuti ya sitima ya Guendolen. Komanso onani gule wa malipenga wa kunyanja, ndi beni wa Ayao: kufola m'mizere, maudindo onga a asilikali, ndi zikho zolira ngati malipenga a bandi. Magule amenewa anafala kwambiri nkhondo itatha. Ngati kwanuko amavinidwa, tumani ana akalembe mayina a maudindo onse a m'gulemo monga amatchulidwira, kenaka mufufuze nawo m'kalasi kumene liwu lililonse linachokera.