Kodi Bruce Lee amene muli naye pa nyumba ndi wathunthu?

Tsiku lina ndinapeza amuna awiri acikulire akukangana pa malo ometera tsitsi mu Lusaka. Wina anali kulumbira kuti mu filimu ya Enter the Dragon, Bruce Lee anamenya adani ndi nunchaku, timitengo tiwiri tija tolumikizidwa ndi cheni. Mnzake anakana kwa mtu wa galu, nati filimuyo anaionerera kosawerengeka pa tepi ndipo timitengoto sanatione. Onse awiri anali kukamba zoona. Anaonerera filimu imodzi, koma matepi awo anacokera kosiyana.

Bruce Lee anabadwira ku San Francisco mu 1940, anakulira ku Hong Kong, ndipo anamwalira kumeneko pa 20 July 1973 ali ndi zaka 32 cabe. Mafilimu amene anamuchukitsa ndi asanu: The Big Boss (1971), Fist of Fury (1972), The Way of the Dragon (1972), Enter the Dragon (1973) ndi Game of Death (1978). Mafilimu ndi asanu, koma mitundu ya matepi ndi madisiki ake ndi yambirimbiri, ndipo wogula mosafunsa amataya ndalama zake.

Msampha woyamba ndi maina. Pamene mafilimu amenewa anafika ku America, The Big Boss inachedwa Fists of Fury, Fist of Fury yeniyeni inachedwa The Chinese Connection, ndipo The Way of the Dragon inakhala Return of the Dragon. Conco munthu angagule madisiki awiri a maina osiyana, kukafika kunyumba n'kupeza kuti ndi filimu imodzi. Njira yodziwira ndi kuyang'ana nkhani yake. Ngati Bruce agwira nchito pa fakitale ya madzi oundana ku Thailand, imeneyo ndi The Big Boss. Ngati abwezera imfa ya mphunzitsi wake ku Shanghai, ndi Fist of Fury. Ngati amenyana ndi Chuck Norris ku Colosseum mu mzinda wa Rome, ndi The Way of the Dragon, imene analemba ndi kuitsogolera iye mwini.

Cenjeraninso ndi a Bruce Li, Bruce Le ndi Dragon Lee. Awa ndi anthu ena amene anayamba kusewera momutsanzira iye atamwalira, ndipo pa zikuto zina za mafilimu awo anali kuikapo nkhope ya Bruce Lee weniweni.

Tsopano tibwerere kwa amuna aja. Bungwe loona za mafilimu ku Britain, la BBFC, pansi pa utsogoleri wa James Ferman, linaopa kuti acinyamata adzayamba kupwetekana ndi nunchaku. Mu 1979 linalamula kuti mbali yoonetsa cida cimeneci icotsedwe mu Enter the Dragon, ndipo matepi a mafilimu ena a Bruce Lee anadulidwanso cimodzimodzi. Lamuloli linafewetsedwa Ferman atacoka pa udindo mu 1999, ndipo mu 2001 Enter the Dragon inaloledwa kutuluka yosadulidwa. Aliyense amene anaonerera tepi yojambulidwa kucokera ku ya ku Britain ya zaka zimenezo anamanidwa mbali zina zabwino koposa.

Tepi ya VHS inali ndi vuto linanso. Mafilimu amenewa anajambulidwa pa cithunzi cotambalala, cimene m'lifupi mwake muposa kutalika kwake kawiri ndi pang'ono. TV yakale inali pafupifupi yofanana mbali zonse. Kuti cithunzi cidzaze galasi, opanga matepi ambiri anali kudula m'mbali, ndipo pafupifupi magawo 43 pa 100 a cithunzi anali kutayika. Mu filimu ya ndewu ici ndi cinthu cacikulu, cifukwa uona mwendo wa Bruce ukuuluka koma amene wapondedwa ali kunja kwa galasi. Mizere yakuda ija ya pamwamba ndi pansi, imene ambiri amadandaula nayo, ndiyo umboni wakuti cithunzi cilipo conse.

VCD itabwera, anthu anaikonda cifukwa inali yochipa ndipo siinali kutafunidwa ndi makina monga tepi. Koma disiki imodzi imatenga mphindi zosapitirira 80, motero filimu inali kugawidwa pawiri. Cithunzi cake sicinali kuposa ca VHS, ndipo Bruce akathamangitsa manja, galasi linali kudzala timabokosi.

DVD ndiyo inayamba kubweza zimene zinatayika. Kampani ya Hong Kong Legends ya ku Britain inatulutsa mafilimu ake a ku Golden Harvest ali otambalala, nunchaku ilimo. Nayo Warner Bros, pokumbukira zaka 25 za Enter the Dragon mu 1998, inabwezeramo mphindi pafupifupi 3, pamene Bruce akambirana ndi mkulu wa kacisi wa Shaolin za nzeru ya kumenya. Mbali imeneyi munalibe mu filimu imene inaonetsedwa ku America mu 1973.

DVD yabwino imakulolaninso kusankha cilankhulo. Mafilimu a ku Hong Kong a nthawi imeneyo anali kujambulidwa opanda mau, mau n'kuikidwa pambuyo pake. Cizungu cimene timamva mu mafilimu atatu oyamba si ca Bruce Lee. Mau ake enieni a Cizungu ali mu Enter the Dragon. Ngakhale nyimbo zimasiyana. The Big Boss ili ndi nyimbo za Wang Fu-ling mu Cimandarini, za Peter Thomas mu Cizungu, ndi za Joseph Koo mu Cikantoni.

Game of Death ndiyo ifunika kusamala kwambiri. Bruce anayamba kuijambula mu 1972, naisiya kuti akacite Enter the Dragon, ndipo imfa inamupeza asanaitsirize. Filimu ya 1978 ili ndi mphindi pafupifupi 11 cabe za zimene iye anajambula. Mbali zambiri zotsala ndi anthu ena obisa nkhope, ndipo pena anacita kumata cithunzi ca nkhope yake pa kalilole. Anaikamo ngakhale zithunzi za maliro ake enieni. Wofuna kuona ndewu zake ndi Dan Inosanto, Ji Han-jae ndi Kareem Abdul-Jabbar mokwanira afunefune Bruce Lee: A Warrior's Journey ya John Little, ya mu 2000, imene ili ndi mphindi zoposa 30 za nchito imeneyo.

Pa Blu-ray pali mabokosi awiri odziwika. The Criterion Collection ya ku America inatulutsa Bruce Lee: His Greatest Hits mu 2020, muli mafilimu onse asanu. Arrow Video ya ku Britain inatulutsa Bruce Lee at Golden Harvest mu 2023, mmene muli The Big Boss yaitali ya Cimandarini imene siinaoneke kwa zaka zambiri. Musanatume m'bale wanu ali kunja kuti akugulireni, onani cigawo ca makina anu. Pa DVD, Zambia ili mu Region 5, South Africa ndi Britain mu 2, America mu 1. Pa Blu-ray, Africa ndi Britain zili mu B, America mu A. Disiki ya Criterion ya ku America siingasewere pa makina a B okhaokha.

Masiku ano ambiri amaika mafilimu pa foni kapena pa fulashi. Dziwani kuti fayilo siingakhale yabwino kuposa kumene inakopedwa. Ngati inacokera pa VCD yodulidwa, nayonso ndi yodulidwa. Pemphani wogulitsa akuonetseni kaye. Onani ngati cithunzi n'cotambalala, ngati nunchaku ilimo, ndi ngati nkhope ndi ya Bruce Lee. Cikuto cokongola cisakunamizeni, pakuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Pa mafilimu asanu aja, munthu uyu anatisiyira anayi okha amene anatsiriza, ndipo ana athu ayenera kuwaona monga mmene iye anawapangira.