Makoyilo a alamu anga anasiya ulesi

Alamu anga a ku Johannesburg atasiya ndudu anatengana ndi vape, ndipo monga mwa khalidwe lawo, zogula zopangidwa kale sizinawakhutiritse. Iwo ndi munthu woti wailesi ikafa amayamba aiphwasula kaye asanaganize zopita nayo kwa okonza. Sipanatenge nthawi, anagula RDA, kamutu kamene munthu amamangamo yekha makoyilo n'kumadonthezera madzi ake pa thonje, ndipo tebulo la pabalaza linadzaza ndi tizidutswa ta waya.

Maganizo awo anali akuti ngati koyilo imodzi ikutulutsa nthunzi yambiri chonchi, awiri atulutsa kawiri. Ndiye poti chonenepa n'chimene chimaoneka champhamvu, anasankha waya wa Kanthal wa 22 gauge, wonenepa mamilimita pafupifupi 0.64. Anaukulunga ka 8 pa kachitsulo ka mamilimita 3, koyilo ina uku ina uku, n'kumanga. Mita inaonetsa ma-ohm cha m'ma 0.23. Kukongola kokha, makoyilowo anali okongola, moti anawajambula n'kutumizira abale onse pa WhatsApp.

Chipwirikiti chinali pokoka. Akadina batani, zii. Amakoka mpweya wozizira wopanda kakomedwe, ndipo nthunzi imayamba kubwera pamene iwo mpweya wawathera. Anafika pozolowera kudiniratu batani chinthucho chili m'manja, kuwerenga chamumtima, kenako n'kupititsa kukamwa. Akasiya batani, makoyilo aja ndiye amayamba khama: amapitirira kulira kuti tsiii, kuphika madzi otsala ndi kuwaula thonje mpaka lide. Madziwo si otchipa, chifukwa pa 1 June 2023 boma la South Africa linaika msonkho wa R2.90 pa mililita iliyonse. Achemwali anga ankangowayang'ana n'kunena kuti, "Bambo a ana, mukamaliza kudikirako mubwere, nsima ikuzizira."

Alamu ananamizira batire, n'kugula lina. Palibe chinasintha. Ananamizira mod, kabokosi koyendetsa moto kaja, n'kuyamba kusunga ndalama zogulira yaikulu. Amene anawapulumutsa ndi mnzawo wa kumudzi, wogwira ntchito ya magetsi komweko, amene anabwera kudzacheza Loweruka lina. Atavula kachivundikiro ka RDA n'kuona mawaya aja, anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Achimwene, mod yanu ilibe mlandu. Mwatereka mapoto awiri aakulu a nyemba pa kambaula kamodzi, ndiye mukudabwa kuti sakuwira?"

Anatenga pepala n'kuwalongosolera. Mod ya alamu inali pa ma-watt 50. Pamene munali koyilo imodzi, moto wonsewo unkapita kwa iyo. Kuika awiri ofanana kunagawa motowo pakati, aliyense n'kumalandira 25 basi. Pamwamba pa izo, chitsulo choti chitenthe chinachuluka, chifukwa pa kutalika kofanana, waya wa 22 gauge amakhala ndi chitsulo chochuluka kawiri ndi theka kuposa wa 26 gauge. Manambala a gauge amayenda chobwerera: nambala ikakwera, waya amaonda. Liwiro la kutentha limadalira zinthu ziwirizi, moto umene ukulowa ndi kulemera kwa chitsulo chimene motowo ukutenthetsa. Chitsulo chochedwa kutentha chimachedwanso kuzizira, n'chifukwa chake thonje linkapsa batani litasiyidwa kale.

Alamu anatsutsa. Nanga ma-ohm 0.23 aja, si ochepa? Kodi ma-ohm akachepa moto suchuluka? Mnzawoyo anavomera kuti makoyilo awiri ofanana amatsitsa ma-ohm ndi theka, moti awiri a 0.46 amapereka 0.23. Koma zoti ma-ohm ochepa amabweretsa moto wambiri zimachitika pa mechanical mod, imene imangolumikiza batire ndi koyilo popanda chilichonse pakati. Pa mod ya alamu muli chip, ndipo ukaiuza 50 imapereka 50, kaya ma-ohm ndi 0.2 kaya 0.5.

"Ndiye tingokweza afike 80," anatero alamu, chala chili kale pa batani.

Apa mnzawo uja anasiya kuseka. Mod yawo inali ya batire limodzi la 18650, la Samsung 25R, limene malire ake ndi ma-amp 20 pogwira ntchito mosalekeza. Batire lotere likadzaza limakhala pa ma-volt 4.2, koma likamatha limatsika cha m'ma 3.2, ndipo pamenepo m'pamene chip imalikoka kwambiri kuti ikwanitse moto umene wauza. Pa ma-watt 50, kuwerengera ndi wotayika mu chip, zimafika ma-amp pafupifupi 17. Pa 80 zimayandikira 28, kudutsa malire a batirelo. Njira yokweza moto inatsekeka pomwepo. Inatsala yochepetsa chitsulo.

Anadula makoyilo okongola aja, alamu akuyang'ana kumbali ndi chisoni. M'malo mwake anatenga Ni80 wa 26 gauge, wa mamilimita 0.4, waya wa nickel ndi chromium wa mtundu umene Albert Marsh anatengera patent mu 1906, womwe amagetsi amaudziwa chifukwa ndi umene umafiira m'mahita ndi m'zowotchera buledi. Anaukulunga ka 6 pa kachitsulo komwe kaja ka mamilimita 3. Koyilo iliyonse inali cha m'ma 0.6, zonse pamodzi 0.3. Kulemera kwake kunatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a makoyilo akale. Mnzawoyo ananeneratu kuti chinsinsi si dzina la wayawo: Kanthal wa 26 gauge akanachitanso changu chomwecho, kungoti ma-ohm akanakwererapo.

Ntchito yeniyeni inali pofananitsa. Makoyilo awiri amayenera kukhala mapasa: waya wa mpukutu umodzi, kukulunga kofanana, miyendo yofanana ndiponso yaifupi, chifukwa mwendo wautali ndi chitsulo chongodya moto popanda kukhudza thonje. Anamanga masikuluwu mothina bwino, n'kuyeza pa mita asanayatse, kuonetsetsa kuti palibe waya wokhudza thupi la RDA. Kenako anatsitsa moto kufika ma-watt 20 n'kumadina batani pang'onopang'ono, thonje asanaike. Poyamba koyilo ya kumanzere inkafiira msanga kusiya inzake, ndipo pa ya kumanja panali kadontho kowala kwambiri pamalo amodzi. Analimbitsa sikuluwu imodzi imene inali yolobodoka, n'kufinya makoyilo ndi kopanira ka seramiki, kamene sikadutsa magetsi, kenako n'kuwakwecha pang'ono pamwamba. Atadinanso, onse awiri anafiira nthawi imodzi, kuyambira pakati kupita kunja. Atazizira analowetsa thonje, losathina kwambiri komanso losakhwepa, n'kulozetsa mabowo a mpweya pa makoyilowo.

Anabwezera pa ma-watt 50 omwe aja, batire lomwe lija, madzi omwe aja. Alamu, mwa chizolowezi, anadiniratu batani chinthu chili kutali ndi kamwa. Pomwepo kunamveka kuti thethethe, nthunzi n'kutulukira m'mabowo iwo asanawerenge n'komwe. Anadzidzimuka, anakoka, anatsokomola, kenako anaphulika ndi phwete. Anayesanso, ulendo uno ataika kaye kukamwa. Kakomedwe ka mango kamene ankakasakasaka kumapeto kwa mpweya kanabwera poyambirira penipeni, kofunda bwino. Atasiya batani, chinthucho chinangoti zii nthawi yomweyo, osaliranso.

Usiku womwewo foni yanga inalira, kanema ali woyatsa.

"Alamu! Tamverani izi!" Anaika RDA pafupi ndi foni n'kudina. "Mwamva? Ayi, simunamve bwino, ndibwerezenso."

Anabwereza mpaka achemwali anawalanda foni kuti tilankhulane za kumudzi.

Zabwino zina zinaoneka m'masiku otsatira. Poti sankadinanso batani nthawi yaitali, batire linayamba kuwafikitsa madzulo. Thonje linkakhala loyera masiku angapo m'malo moda tsiku lomwelo. Botolo la madzi linasiya kutha mofulumira. Ndalama zimene ankasungira mod yaikulu anagulira achemwali nsapato, ndipo nkhani ya nsima yozizira inathera pomwepo.

Chikonga chili m'madzimo ndi chikonga ndithu, ndipo alamu amadziwa kuti chinawagwira. Munthu amene sanasutepo akawapempha kulawa amamukaniza, mabotolo amawatsekera kumene ana safika, ndipo mabatire amayenda nawo m'kabokosi ka pulasitiki, osati m'thumba limodzi ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo. Batire likang'ambika chikutiro, salilowetsa mu mod mpaka atalikutanso.

Masiku ano iwo ndi amene asanduka aphunzitsi pa mdadada wawo. Posachedwa mnyamata wina wa ku Zimbabwe anawabweretsera RDA yodzaza ndi ma-Clapton awiri onenepa, waya wokulungidwa ndi waya unzake, akudandaula kuti anamugulitsa mod yabodza. Alamu sanaigwire n'komwe mod ija. Anamufunsa kuti ali pa ma-watt angati, batire ndi limodzi kapena awiri, ndipo malire ake ndi ma-amp angati. Atamva mayankho anatulutsa mpukutu wa 26 gauge ndi kodulira waya, n'kumukokera mpando.

"Khala pansi, mphwanga. Ndalama zakozo usunge, lero tingochotsako chitsulo."