Chimene Chimawiritsa Mowa mu Mbiya

Mayi wofulula mowa wa masese akatha kuphika ndi kuthira chimera, amavundikira mbiya zake n'kukagona. Moto wazima, mbiya zazizira. Komabe kutacha amapeza mowa uli kuwira, thovu lili kutumphuka ngati kuti wina anasonkhezera nkhuni usiku. Kodi chawiritsa mowawo n'chiyani?

Ambiri amayankha kuti ndi chimera, koma yankho limeneli ndi theka chabe. Mawere kapena chimanga zikanyikidwa m'madzi n'kuyamba kumera, m'kati mwa njere mumapangika amylase, amene amaphwanya sitachi wa mu ufa kuti asanduke shuga. N'chifukwa chake phala lothira chimera limasungunuka ndi kutsekemera, n'kukhala thobwa limene ngakhale mwana amamwa. Ntchito ya chimera imathera pomwepa.

Wotsiriza ntchitoyo ndi yisiti, kachamoyo ka m'gulu la bowa ndi nkhungu, kosaoneka ndi maso. Yisiti amadya shuga uja natulutsa zinthu ziwiri: ethanol, amene amaledzeretsa, ndi mpweya wa carbon dioxide, umene umachititsa thovu. N'chifukwa chakenso paketi ya Chibuku imakhala ndi kabowo pamwamba, pakuti yisiti akali moyo m'katimo, ndipo popanda potulukira mpweya paketiyo ingaphulike.

Nanga mayi wa kumudzi, amene sanagulepo yisiti m'sitolo, amamutenga kuti? Yisiti amakhala pa makoko a njere, pa zipatso, ndipo makamaka m'timing'alu ta mbiya yakale. Agogo akamaletsa kuti mbiya ya mowa isatsukidwe ndi sopo, kapena akamathira chikho cha mowa wakale mu watsopano, amakhala akusunga mbewu monga mlimi asungira chimanga chodzabzala. Wophunzira wina amaseka zimenezi nati n'zikhulupiriro. Kumeneko n'kuseka sayansi imene sanaizindikire.

Azungu nawonso anafulula mowa zaka zikwi zambiri osamudziwa yisiti. Antonie van Leeuwenhoek wa ku Holland anamuona pa maikulosikopu mu 1680, koma sanadziwe kuti ndi wamoyo. Louis Pasteur wa ku France ndiye anaonetsa, kuyambira mu 1857, kuti kuwira ndi kusasa kwa zakumwa ndi ntchito ya tizamoyo. Mu 1883 Emil Christian Hansen, wa ku Carlsberg ku Copenhagen, anapatula mtundu umodzi wa yisiti n'kuuweta pawokha, kuti mowa wa lero uzikoma chimodzimodzi ndi wa mawa. Kampani yomweyo inatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa dziko la Denmark.

Mu mbiya ya kumudzi yisiti sakhala yekha. Muli mabakiteriya amene amapanga asidi wopatsa masese kawawasa kake, ndipo asidiyo amaletsa tizilombo tina kuswana. Koma mowa ukagonera masiku ambiri uli poyera, mabakiteriya a mtundu wina amasandutsa ethanol kukhala viniga, ndipo ogula amalawa kamodzi n'kubweza chikho.

Popeza yisiti ndi wamoyo, amafanso. Amagwira bwino ntchito pa madigiri 25 mpaka 30. Kutentha kukafika pa madigiri 60 amafa. Mayi amene chifukwa cha changu athira mowa wakale m'phala lotentha, wapha mbewu yake ndi dzanja lake, ndipo ufa, nkhuni ndi ndalama ya fizi ya mwana imene amayembekeza zili pangozi. M'chisanu cha Juni ndi Julaye yisiti safa, amangochita ulesi, ndiye mowa umachedwa kupsa.

Mphunzitsi angathe kuonetsa zonsezi m'kalasi ndi mabotolo awiri. M'botolo lililonse athiremo shuga ndi yisiti wa buledi, lina madzi ofunda, linalo madzi owira, ndipo pakamwa pake amangepo baluni. Lisanathe ola limodzi, baluni ya pa botolo la madzi ofunda idzakhala itafufuma, inzakeyo ili lendee.