Tisanalipire inshuwalansi ya galimoto

Ife a ku Al Markhiya tikudziwa kuti muno m'Qatar, Istimara situluka popanda inshuwalansi. Nanga chaka chikatha, mtengo amawerengera bwanji?

Inshuwalansi ya third party, yomwe lamulo limatikakamiza, mtengo wake umatsatira kuchuluka kwa masilinda a injini. Ya comprehensive amayang'ana mtengo wa galimoto, zaka zake, komanso ngati kampani inatilipirirapo ngozi chaka chathachi. Amene sanachite ngozi kawirikawiri amamutsitsirako.

Komatu abale, kutsika kwa mtengo kusatinyenge. Mwina kampani yachepetsa ndalama zomwe idzatipatse galimoto ikadzatheratu pangozi, kapena yachotsa mwayi wokakonzetsa kwa ejenti. Tifunse makampani angapo, tiwerenge bwinobwino pepalalo, kenako tisaine. Paja safunsa adadya phula.