NTHAMBO ZOPANDA DZINA ZICEDWETSA ANTHU PAMZERE

Pa msika wa Matero mu Lusaka, tinyumba totumizirako ndalama pa lamya tandandalika m'mbali mwa mseu monga mizere ya cimanga. Mwana wogwira nchito m'tauni akatumiza ndalama za feteleza kwa makolo ake ku Katete kapena ku Lundazi, uthengawo suuluka cabe kucoka pa lamya ina kufika pa inzake. Uyamba wadzera m'nyumba yozizira ndi yolondedwa usana ndi usiku, mmene muli makompyuta akulu ochedwa maseva. Imeneyi ndiyo nkhokwe ya maina ndi mawerengero a anthu.

Boma nalo lili ndi nkhokwe yotere. Inamangidwa ndi kampani ya Huawei ya ku China niperekedwa mu 2017, ndipo oiyang'anira ndi a INFRATEL, amene ali ndi nyumba za makina mu Lusaka ndi ku Kitwe. Maina a alimi olandira feteleza wa FISP nawonso asungidwa m'makina a mtundu umenewu.

Masevawo asanjikizidwa m'makabati acitsulo, utali wake pafupi mamita 2, ndipo kabati imodzi ili ndi mipata yokwana 42. Kutsogolo kwake nkokongola, timagetsi tikuphethira. Nkhani ili kumbuyo. Seva iliyonse ili ndi nthambo zake, zina zamagetsi, zina zonyamula mauthenga, kotero kuti kabati yodzaza ikhoza kukhala ndi nthambo mazana angapo. Amisiri akamaonjezera zatsopano mofulumira osacotsa zakale, zingopotana monga ziyangoyango za maungu m'munda wosapalira.

Ena ayesa kuti kukonza nthambozo nkukometsera cabe. Si tero ai. Makinawo akoka mphepo yozizira kutsogolo natulutsa yotentha kumbuyo. Mtolo wa nthambo ukatseka njira, atentha, nayamba kucedwa kapena kuzima okha. Coopsa coposa cioneka pa tsiku la vuto. Mmisiri wofuna nthambo imodzi yoonongeka pakati pa zinzake zosalembedwa aifufuza ndi dzanja kwa nthawi yaitali, ndipo mwina azula yolakwika nazimitsa makina amene anali bwino. Pa nthawi yonseyo mayi wa pa Matero aimirira pamzere, akumva mau amodzimodzi akuti netiweki palibe.

Cifukwa cake amisiri osamala alemba nambala kunsonga zonse ziwiri za nthambo iliyonse, nailembanso m'buku, monga mwini ng'ombe aika cizindikiro pa ziweto zake. Asankha nthambo za utali woyenera, kuti zotsala zisalendewere. Zamagetsi azidutsitsa mbali ina, zamauthenga mbali ina. Pomanga mitolo agwiritsa nchito timalamba tansalu tomata, pakuti tapulasitiki tikamangitsa tifinya nthambo. Zofuna ulemu koposa ndi za galasi, zimene mkati mwake nzopyapyala ngati tsitsi ndipo zinyamula mauthenga ndi kuwala: zikapindidwa kwambiri, kuwalako kutayika panjira.

Maseva ambiri ali ndi nthambo ziwiri zamagetsi, iliyonse yolumikizidwa ku gwero lake, kuti lina likaleka linzake lipitirize. Ubwino wa ici unadziwika mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, magetsi nazimazima maola ambiri. Koma mmisiri wosokonezeka ndi mtolo akalumikiza zonse ziwiri ku gwero limodzi, citetezoco catha, ndipo palibe aona kufikira litazima.

Nchito yokonzayi kawirikawiri icitika usiku, otumiza ndalama atagona. Asuntha nthambo imodzi, nayesa ngati makina ayankha, ndipo pamenepo ndipo agwira ina.